Dzungu Lotuwa Padzala la Nambewe

Ana a masiku ano miyambi mumaidziwa pakamwa pokha. Pamayeso mumailemba bwinobwino, koma wina atakufunsani kuti mawuwo adayamba bwanji, mumangoyang'ana kumwamba ngati nkhuku yomwa madzi. Tsono khalani pansi mumve chiyambi cha mwambi wina umene anthu amaukumbukira akayambana ndi abale awo. Udayambira padzala, ndipo udayamba ndi maungu.

Kalekale, kuseri kwa phiri lina, kudali mudzi umene sunkadziwika ndi china chilichonse koma maungu a mayi wina. Maunguwo adali otuwa mbuu ngati phulusa. Kukula kwake, ankachita kuwagubuduza pochoka nawo kumunda chifukwa munthu mmodzi sakadatha kusenza. Khoko lake lidali gwaa, moti a anthu ena akamaola m'nyumba, awa ankafika mvula ina ali bwinobwino. Mkati adali aufa, otsekemera. Chaka cha njala mudzi wonse unkatsamira pa iwo.

Mayiyo adali ndi ana awiri. Wamkulu adali Nambewe, mkazi wa pakamwa pakuthwa, amene adatsala pamudzi. Wamng'ono adali Gwaza, munthu wosalankhulalankhula, wosema ming'oma ya njuchi, amene adakakwatira tsidya lina la phiri nakhala komweko chikamwini.

Mayi aja atamwalira, m'chipwirikiti cha maliro palibe adakumbukira chipanda chimene ankasungiramo nthanga. Podzachikumbukira, makoswe adali atachiboola kale. Zotsala sizidadzaze ndi chikhato chomwe. Munda wa Nambewe udali wamchenga, pomwe Gwaza adali ndi malo achonde kuseri kwa nyumba, pamene kale padali khola la ng'ombe. Choncho Nambewe adaitana mlongo wakeyo.

"Iwe Gwaza, tambasula dzanja," adatero. "Ndi zokhazi zimene amayi atisiyira. Kwako kuli dothi. Ukazichulukitse, undibwezere. Mowa wokumbukira amayi sindifulula kufikira dzungu lawo litabwerera pakhomo pano. Ndikufuna anthu adzadye limenelo tsiku lakelo."

"Ndamva, achemwali."

"Kumva umamva iwe. Koma usakazidyetse nkhuku za apongozi ako."

Gwaza adanyamula nthangazo ngati dzira. Mvula itagwa adazibzala pakhola lakale paja. Chapafupi padali maungu a mkazi wake, Nachisale, ofiira, a msinkhu wamba, a mtundu umene aliyense m'mudzimo ankalima. Poopa ana akuba ndi anyani, Gwaza adaganiza nzeru imene iye adaiona ngati yakuya. Adatenga mng'oma wake wa njuchi zaukali naupachika mumtengo pamwamba penipeni pa maungu a amayi ake. Adati mlonda ameneyu palibe angamunyengerere.

Nkhwani udayanga, maluwa adachita chikasu ponseponse. Nachisale adali mkazi wosamala. M'mawa uliwonse njuchi zisanatenthedwe ankathyola chiluwe, koma duwa lililonse lokhala ndi kadzungu kumunsi ankalisiya. Ankatenga opanda kanthu okha, amene aliyense amati ntchito yake ndi ndiwo basi. Ankawatendera ndi nsinjiro, Gwaza n'kumanyambita zala.

Pokolola, maungu adatuluka otuwa mbuu, aakulu ngati a amayi enieni. Gwaza adawang'amba yekha, adayanika nthanga yekha, nazisakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asalowe. Nachisale adapempha zowerengeka kuti naye abzale, koma Gwaza adakana.

"Izi zili ndi mwini wake. Ukazifuna ukapemphe kwa achemwali."

Adasenza zonse kukatula kwa Nambewe, osasiya ndi imodzi yomwe. Nambewe adavina tsiku limenelo. Adagawira mbumba yonse, ndipo mvula itabwera mudzi wonse udabzala.

Miyezi itapita, uthenga udafika kwa Gwaza wakuti achemwali akumufuna msanga. Adampeza Nambewe ataima pabwalo, musi uli m'manja. Patsogolo pake padali mulu wa maungu aakuluakulu, koma onse ofiira.

"Ndafika, achemwali. Kwagwanji?"

"Usandifunse ine. Funsa alendo akowa. Kwawo n'kuti?"

Gwaza adayang'ana maunguwo. Mtundu wake udali wa maungu a mkazi wake.

"Nthanga zija ndidazichotsa m'maungu otuwa. Ndi manja angawa."

"Manja akowo ali ndi eni ake tsopano. Make mbuu, mwana mbuu. Udayamba waona khwangwala ataswa nkhunda? M'mudzi monse muno mulibe dzungu lotuwa ngakhale limodzi. Mbewu ya amayi wakaipereka kwa apongozi ako kuti azikutcha mkamwini wabwino, ife watibweretsera zinyalala za mkazi wako."

Mwamuna wa Nambewe, dzina lake Kachiwanda, munthu wanthabwala, adayesa kuthira madzi pamoto. "Komatu kukoma akukoma, mayi. Ine dzulo ndidachita kumasula lamba."

"Inu khalani chete. Za pamtundu pathu mukuzidziwira kuti?"

Kachiwanda adakhaladi chete, monga amachitira mkamwini aliyense wofuna kuti mawa limupeze pamudzi wa eni. Mkamwini paja amamuona ngati khasu lobwereka: polima alipo, poweruza palibe.

Nambewe adakweza musi. Adaphwanya maunguwo limodzilimodzi, natenga zibenthu ndi matumbo ake omwe n'kukaponya padzala kuseri kwa nyumba, pamene ankataya phulusa. Atatha adatembenuka.

"Kuyambira lero ndilibe mlongo. Pakhomo pano usadzapondepo, ngakhale tsiku la mowa wa amayi. Ana angawa malume awo adafa."

Mawu amenewo ndi olemera. Mwamuna ku chikamwini ndi mlendo mpaka imfa. Kumene amakhala munthu weniweni ndi kwa alongo ake, kumene ana amamutcha malume, kumene mlandu sutha iye asanafike. Mukamuchotsa kumeneko mwamusiya pamtetete. Ndipo onani, mbumba yonse idali pomwepo, anthu amene adakula naye, koma palibe adati tiyeni timumve kaye. Anthu sachedwa kukhulupirira choipa cha m'bale wawo. Chimenecho mpaka lero sichidasinthe.

Gwaza adangotola chibenthu chimodzi chimene chidagwera pamapazi ake. Kunja chidali chofiira, inde. Koma kukhuthala kwa mnofu, kulimba kwa khoko, msinkhu wa dzungulo, zonsezo zidali za amayi ake. Adachiika pansi nabwerera kwa mkazi wake.

Chilimwe chonse munthuyo adaonda. Ming'oma adaleka kusema. Ankadziwa kuti sadabe, koma ankadziwanso kuti maso a Nambewe sadaname, ndipo zinthu ziwirizi zinkakana kugona m'mutu umodzi.

Chimene chidamutsegula maso ndi mbuzi. Kale adali ndi thadzi loyera limene lidaswa ana akuda okhaokha, chifukwa tonde wa m'mudzimo adali wakuda bii. Loyeralo pambuyo pake fisi adaligwira, m'khola n'kutsala zakuda zokhazokha, zimene zidakula n'kumaberekana zokha. Tsono m'mawa wina potsegula khola, Gwaza adapeza imodzi itaswa kamwana koyera mbee.

"Nachisale, tabwera kuno. M'khola muno muli mbuzi yoyera?"

"Mwayamba kuiwala ndi mbuzi zanu zomwe, a Mbewe? Yoyera idapita ndi fisi."

"Nanga aka katengera yani?"

"Agogo ake. N'kufunsanso?"

Gwaza adakhala pansi pakhomo pa khola pomwepo. "Ndiye kuti kuyera sikudapite ndi fisi. Kudangobisala m'zakudazi." Kenaka adapukusa mutu. "Koma mbuzi ili ndi tonde. Nanga dzungu tonde wake ndani?"

Nachisale adaseka mpaka kugwira nthiti. Kenaka kuseka kudatha mwadzidzidzi, nagwira pakamwa.

"A Mbewe, maluwa a dzungu ali pawiri. Ena ali ndi kadzungu kumunsi, ena alibe. Njuchi zanu zija zikalowa mwa opanda kanthuwo zimatuluka thupi lonse lili chikasu, n'kukalowa mwa enawo. Ndinkaziona tsiku ndi tsiku."

"Nena, ndikumva."

"Chaka chija chiluwe chonse ndinkathyola pa maungu a amayi anu, chifukwa maluwa ake adali aakulu, ndiponso adali pafupi ndi khomo. Anga sindinkawakhudza."

"Ndiye atonde a maungu a amayi adapita kuti?"

"Tidawatendera, a Mbewe. Inu munkachita kupempha owonjezera."

Gwaza adafuna kukwiya, koma akwiyire yani? Wothyola adali mkazi wake, wakudya adali iye, ndipo amene adapachika njuchi pakati pa mitundu iwiri ya maungu kuti zizinyamula kaufa ka ofiira kupita kwa otuwa adalinso iye mwini. Mlonda wake uja ndiye adali nkhoswe ya ukwati wonsewo.

"Ngati zili ngati mbuzi," adatero Nachisale, "kutuwako kukadali m'nthanga za ofiira aja. Pitani mukapemphe zina kwa mbumba yanu, tidzabzale kuno."

"Kuno ayi. Dzungu lotuwa likangooneka pakhomo pano, achemwali adzati suyo, tinkanena, adabisa. Ndiye kuti ndadzimangirira ndekha. Liyenera kutulukira kwawo, pamaso pawo, pamene dzanja langa silidafikepo."

Koma mbumba yonse idali itadya kapena kutaya nthanga zija chifukwa cha mkwiyo wa Nambewe. Malo amodzi okha ndi amene zidatsala: padzala pamene mwini wake adaziponya.

Gwaza adatuma mawu kwa Kachiwanda kuti akumane pamtsinje wa pakati pa midzi yawo. Adamutengera chisa cha uchi.

"Alamu, ndili ndi pempho limodzi. Mvula ikagwa, padzala paja pamera maungu. Mutchingire ndi minga, mbuzi zisadye. Musabzalepo kanthu, musachotsepo kanthu."

Kachiwanda adanyambita chala. "Anthu amatchinga munda, inu mukuti nditchinge dzala? Adzati mkamwini wa kwa Nambewe wazungulira mutu. Ndiponso mukudziwa amene ndimagona naye nyumba imodzi."

"Ndikudziwa. Ndidayamwa bere limodzi ndi iwo."

"Ndiye mukudziwa theka chabe." Adaseka, kenaka adamuyang'ana mlamu wake mmene adaondera. "Chabwino. Ndidzati ndikutchingira nkhwani wa ndiwo. Pa ndiwo pokha samatsutsa."

Mvula idagwa. Padzala padamera maungu ochuluka ngati udzu, ndipo chifukwa cha phulusa ndi zinyalala adayanga mwamphamvu mpaka kuphimba dzala lonse ndi dzenje la kuseri kwake. Gwaza ankapita kumtsinje kukadikira mawu. Inu mukudziwa kuti dzungu laling'ono saliloza ndi chala, amati limaola. Choncho Kachiwanda ankasuzumira manja ali kumbuyo.

"Alamu, ndayang'ana popanda kuloza," adatero ulendo woyamba. "Amene ndawaona ndi a kwa akazi anu."

Ulendo wachiwiri mawu adali omwewo. Wachitatu Kachiwanda adabwera osaseka.

"Ofiira okhaokha, alamu. Ndipo achemwali anu atopa kudikira. Akuti mowa wa amayi afulula chaka chomwe chino, popanda dzungu, popanda inu. Chimera aviika kale. Mawa akuti agwetse zonse za padzala, akufuna malowo aikepo mafuwa ophikira mowa."

Gwaza adabwerera kwa mkazi wake. Mwina dzungu si mbuzi. Mwina adangodzinamiza kuti apeze chogwira. Komabe kutacha adanyamuka, nakaima pansi pa mtengo wa m'mbali mwa njira, moyang'anana ndi dzala la mlongo wake.

Nambewe adatuluka ndi khasu. Atamuona adaima.

"Ndidati chiyani za pakhomo pano?"

"Sindidaponde pakhomo panu, achemwali. Ndaima panjira. Njira ilibe mwini."

"Wabwera kudzaona zinyalala za mkazi wako? Ziyang'ane bwino, lero zikupita."

Adakankha minga ndi khasu nayamba kugwetsa. Ankadula tsinde, kukoka, dzungu lofiira n'kugubuduzira kumbali. Kudula, kukoka, lofiira. Gwaza ankangoona masamba akugwa. Anthu adayamba kusonkhana, monga amachitira anthu pakakhala choti m'bale achite nacho manyazi.

Nambewe adafika kuseri, kumene dzala limatsetserekera m'dzenje lodzaza phulusa. Adaponya khasu m'masamba, khasulo lidalira ngati lagunda mtondo n'kudumpha.

"Inu a Kachiwanda, mwala uwu adauika pano ndani?"

"Umenewo ndakhala ndikuuona, mayi. Ndimayesa mtsuko wanu wakale uja."

Nambewe adawerama nakankha masamba ndi dzanja. Adapukuta phulusa pamwamba pake. Adapukutanso, koma kutuwako sikudachoke. Sudali mwala, sudali mtsuko. Lidali dzungu lalikulu loti munthu mmodzi sangasenze, lotuwa mbuu, litagona m'phulusa lofanana nalo mtundu, moti Kachiwanda adaliyang'ana nyengo yonseyo osalizindikira. Chapambali pake padali lina, ndipo kunsi kwa dzenje kudali linanso.

Nambewe adagwira tsinde la dzungu lotuwalo nayamba kulitsata ndi dzanja, akukwawa ndi mawondo m'phulusa, kufikira pamene lidamerera. Pamenepo adapeza matsinde ambiri atatuluka pamalo amodzi, othinana ngati zala, ena a ofiira amene adangodula, ena a otuwa. Adafukula pang'ono. Pansi pake padali kachidutswa ka khoko louma, lophwanyidwa ndi musi. Matsinde onsewo adachokera m'chibenthu chimodzi, ndipo amene adachiponya pamenepo ankamudziwa.

"Minga iyi palibe adaisuntha chiikireni," adatero Kachiwanda motsitsa mawu. "Ndipo kwa alamuwa ndidapitako mwakabisira chaka chatha ndi chino, poti inu mudandituma kukazonda. Kulibe dzungu lotuwa kumeneko. Munthuyu sadasunge ndi nthanga imodzi yomwe."

Nambewe adakhala pansi m'phulusamo. Adalankhula osatembenuka.

"Gwaza, lofiira libereka bwanji lotuwa?"

"Ndiyankhire kunjira kuno, achemwali?"

"Usandichititse manyazi kawiri. Bwera."

Gwaza adawoloka njira. Miyendo imene idalemera chaka chathunthu idapepuka ngati ya mwana. Adagwada pambali pa mlongo wake nafotokoza zonse, za mbuzi yoyera, za njuchi, za chiluwe. Atafika pa atonde otendera, Kachiwanda adalephera kudzigwira, ndipo kuseka kwake kudapatsira bwalo lonse. Nambewe naye adaseka, misozi ikutsika n'kumalemba mizere m'phulusa la kumaso kwake.

"Ndiye tsiku lija ndinkaphwanya amayi ndi musi," adatero. Adatambasula dzanja kuti aonetse ana ake. "Taonani ana inu, dzungu la agogo anu ndi ili. Ndipo awa ndi malume anu."

"Musaloze, achemwali," adatero Gwaza. "Lingaole."

"Ili? Ndidaliphwanya, ndidalitaya padzala, mvula idalivumba, lero ndalitema ndi khasu. Likadakhala loola likadaola kale. Mnofu udaola, khungu lidasintha, koma cha mkati chidakhala ngati fupa." Adagwira mkono wa mlongo wake. "Ndi iwenso ndidachita chimodzimodzi. Chibale ndi fupa, Gwaza, sichiola."

Mowa wa amayi adaufulula mwezi womwewo. Gwaza adakhala pamalo a malume, ndipo dzungu lotuwa lidadyedwa ndi mudzi wonse. Nachisale adabwera nawo, Nambewe n'kumupatsa nthanga ndi manja awiri, atamuchenjeza kuti chiluwe azithyola mosiyako. Kuyambira pamenepo ankabzala otuwa patali ndi ofiira, ndipo tsinde likaonetsa dzungu lofiira ankalizula, kufikira mbewu ya amayi idabwerera mwakale.

Za maunguzo mukhoza kuziyesa nokha. Nthanga iliyonse imatenga mbali ziwiri, ina kwa tsinde limene yaberekedwapo, ina kwa duwa kumene njuchi idachokera. Mitundu ina ndi yaphokoso, ina ndi yofatsa. Waphokoso ukakumana ndi wofatsa, ana onse amaoneka ngati waphokoso, koma wofatsayo sanafe, wangokhala chete mkati. Anawo akaberekana okhaokha, pa zidzukulu zinayi zilizonse pafupifupi chimodzi chimalandira kufatsa mbali zonse ziwiri, ndipo agogo amatulukiranso poyera.

Mawu a Nambewe aja anthu adawatola, ndipo ndiwo mwambi uja wakuti chibale ndi fupa, sichiola. Tanthauzo lake ndi ili: abale akhoza kutukwanana, kuthamangitsana, kukhala zaka osalonjerana, koma chimene chimawalumikiza sichitha. Mkwiyo ndi mnofu, umaola. Ubale umatsala pansi pake, ukudikira mvula.

Koma musamve mwambiwu ngati chilolezo chozunzira abale anu poti sichiola. Gwaza adaonda chaka chathunthu pa mlandu umene sadapalamule, ndipo chaka chimenecho palibe adamubwezera. Khasu la Nambewe likadayambira kudzenje kuja maungu akadali aang'ono, bwenzi munthu atafa ndi dzina la wakuba. Tsono m'bale wanu akakubweretserani dzungu lofiira pamene mumayembekezera lotuwa, musathamangire musi. Mufunseni kaye kumene adapachika njuchi zake.